Kugula malo otsukira magalimoto ku Nchalo: kodi K7 miliyoni ikugula chiyani?

Funso: Ndimagwira ntchito ya ukalaliki kuno ku Nchalo ndipo sindinayendetsepo bizinesi. Pali bambo wina amene akugulitsa malo ake otsukira magalimoto m'mbali mwa msewu wa M1 pa mtengo wa K7 miliyoni, ati chifukwa akusamukira ku Blantyre. Pamalopo pali shedi ya malata, simenti yokwana magalimoto awiri, thanki ya malita 5,000, makina awiri opopera madzi, huva, jenereta ndi anyamata anayi. Iwo akuti amatsuka magalimoto 15 patsiku, osawerengera njinga zamoto. Malowo ndi a munthu wina, iwo amangolipira lendi. Theka la ndalamazo ndili nalo, zotsalazo ndikufuna kukongola. Kodi ndigule?

Yankho: Bambo, pa zimene mwafotokozazi sindingakulangizeni kuti mulipire K7 miliyoni panopa, ngakhale kuti bizinesi yotsuka magalimoto ku Nchalo ikhoza kukhala yabwino ndithu. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti zinthu zimene mwatchula m'kalata yanu, makina, thanki, huva ndi jenereta, ndi zinthu zimene mungathe kukwera minibasi n'kukagula ku Limbe tsiku lililonse, pamene zinthu zimene zimabweretsa ndalama pabizinesi yotere, ndiye kuti malo, madzi ndi chizolowezi cha madalaivala chobwera pamenepo, si za bambo akugulitsawo ayi. Malo ndi a mwini wake, madzi ndi a amene akuwapereka, ndipo makasitomala ambiri amatsatira mnyamata amene amawatsukira bwino, osati dzina lolembedwa pachikwangwani. Ntchito yanu musanatulutse ndalama ndi kufufuza ngati zinthu zimenezi zidzatsale m'manja mwanu bambowo akadzakwera phiri kupita ku Blantyre.

Yambani ndi mwini malo, ndipo mukamuone nokha, ogulitsawo palibe. Mufunseni ngati lendi ili yolipiridwa mpaka mwezi uno, ngati pali pangano lolembedwa, komanso ngati akudziwa n'komwe kuti bizinesiyo ikugulitsidwa. Kawirikawiri mapangano a malo a m'mbali mwa msewu amakhala apakamwa, pakati pa anthu awiri odziwana, ndipo pangano lotere silisamukira kwa inu chifukwa chakuti mwagula makina. Mwini malo akhoza kukulandirani ndi manja awiri mwezi woyamba, kenako n'kukweza lendi kawiri ataona kuti mwamira kale, kapena kukuuzani kuti mwana wake akufuna kumangapo golosale. Zikatero thanki ndi makina mudzanyamula, koma simenti ndi dzenje la madzi zidzatsala pomwepo, ndipo zimenezo ndi gawo la ndalama zimene mukulipira. Choncho musanapereke ngakhale chikole, pakhale pangano latsopano lolembedwa pakati pa inu ndi mwini malo, la zaka zosachepera zitatu, lonena lendi, nthawi imene ingakwezedwe, ndiponso mwini wa shedi ndi simentiyo mukadzachoka. Ngati malowo ndi a makolo, kumbukirani kuti amene akulandira lendi sakhala mwini yekha nthawi zonse. Pakhoza kukhala abale ena amene ali ndi mawu, ndiye n'kwanzeru kuti anyakwawa a deralo adziwe ndi kuchitira umboni. Funsaninso ku khonsolo ya Chikwawa ngati shediyo siili m'malire a msewu, chifukwa M1 ndi msewu waukulu ndipo m'mbali mwake muli malo amene ndi a Roads Authority; chomangidwa m'menemo chingagumulidwe popanda chipepeso.

Mukakhala pamalopo, yang'anani makoma a nyumba zoyandikana nazo. Kuchigwa kuno makoma amasunga mbiri ya madzi osefukira, ndipo mzere wa matope umaoneka ngakhale atapakapo laimu. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anafika mosiyanasiyana m'malo osiyanasiyana, ndiye funsani amayi ogulitsa pafupi kuti pamalo enieniwo madzi anafika pati, ndipo anakhala masiku angati asanaphwe. Izi zikuuzani ngati makina ayenera kumagona pamenepo kapena kwina m'dzinja, komanso zikukumbutsani kuti M1 ikaduka, monga inachitira m'malo angapo m'nthawi ya Ana, magalimoto sadutsa koma lendi siima.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ine ndimaiona kuti ndiyo imapha kapena kudzutsa bizinesi yotere m'chigwa cha Shire. Simunanene kumene madzi odzaza thankiyo amachokera, ndipo limenelo ndi funso lalikulu kuposa lonena za mtengo. Ngati ndi a Southern Region Water Board, pemphani mabilu kapena malisiti a miyezi 12 yapitayi, ndipo muone dzina limene lili pa mita, ngongole imene yatsala, komanso ngati mitayo inalembetsedwa ngati ya bizinesi kapena ya panyumba. Amene akutsukira magalimoto pa mita ya panyumba akulipira mtengo umene inu simudzapitiriza kulipira zikadzadziwika, ndipo phindu limene akukuuzanilo lili ndi bodza m'kati mwake ngakhale iwo asakufuna kunama. Funsaninso kuti mipopi imauma kangati pamlungu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndi kuti ikauma amachita chiyani. Ngati yankho ndi lakuti amatuma anyamata a njinga kukatunga m'zigubu, mtengo wa zigubuzo uyenera kulowa m'masamu anu.

Mabilu amenewa ali ndi ntchito ina yoposa pamenepo, chifukwa ndi mboni imene ogulitsa sangaiphunzitse zonena. Tsiku lina m'mawa lembani pamene madzi afika m'thanki, kapena werengani mita, kenako muwerenge magalimoto amene atsukidwa mpaka madzulo, ndipo mudziwa kuti galimoto imodzi ikudya malita angati pamalopo. Tiyerekeze kuti mwapeza malita 100. Magalimoto 15 patsiku ndiye kuti malita 1,500, ndipo pa masiku 30 ndi malita 45,000, amene pabilu amalembedwa ngati ma cubic metre 45. Ngati mabilu akuonetsa ma cubic metre 15 okha pamwezi, pali zinthu ziwiri zokha: mwina magalimoto otsukidwa ndi pafupifupi asanu patsiku, kapena madzi ena akulowa m'thankiyo kudzera njira imene mita siikuiona. Zonse ziwirizo ndi zifukwa zokwanira zobwezera ndalama m'thumba.

Ngati madziwo ndi a pamjigo kapena chitsime, vuto limasintha nkhope. Ndi zodziwika kuti m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi apansi ndi amchere, moti pali mijigo imene anthu anaisiya chifukwa madzi ake samweka. Madzi otere amavutitsa sopo kuchita thovu, amadya timalabala ndi timavavu ta m'kati mwa pampu, ndipo amasiya madontho oyera pagalimoto akauma. Ku Blantyre kapena ku Thyolo mnyamata amakhala ndi nthawi yopukuta madzi asanaume, koma ku Nchalo mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, boneti imaumitsa madzi mnyamatayo asanazungulire mbali ina. Yesani nokha motere: bwerani ndi galimoto yakuda cha m'ma 12 koloko masana, itsukidwe monga amachitira masiku onse, koma galasi limodzi lakumbuyo muwauze asalipukute. Pakapita mphindi zochepa liyang'aneni mopendeka padzuwa, ndipo mupitirizepo chala. Mukaona timadontho toyera tokhakhala ngati ufa wouma, dziwani kuti eni magalimoto abwino, amene amalipira mosanyinyirika, anaziona kale zimenezo ndipo mwina n'chifukwa chake sabwera. Vutoli limachepa ngati shedi ikuphimba galimoto yonse ndipo anyamata akutsuka chigawochigawo, koma silitheratu, ndipo makina ochotsa mchere m'madzi ndi okwera mtengo kuposa zimene bizinesi yaing'ono ingakwanitse. Dziwaninso kuti kutunga madzi apansi kapena a mumtsinje pochitira bizinesi kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, ndiye funsani ngati chilipo.

Tsatiraninso madziwo kumene amapita akachoka pagalimoto. Madzi otsukira injini amakhala ndi oilo ndi girizi, ndipo dothi la makande la kuchigwa silimwa madzi msanga. Ngati akungoyenderera kupita m'ngalande ya msewu kapena pakhomo pa munthu, mukugula mkangano ndi oyandikana nawo komanso ndi a zaumoyo a kukhonsolo, osanenanso za udzudzu. Payenera kukhala kadzenje kotsekera matope ndi oilo madzi asanalowe m'dzenje lalikulu, ndipo ngati palibe, mtengo womangira uchotsedwe pa K7 miliyoniyo.

Za magalimoto 15 patsiku musatsutse ndipo musavomere, koma mukawerenge. Pemphani kuti mukhale pamalopo milungu iwiri, kapena mutume m'bale wanu wokhulupirika ndi kope ndi cholembera, alembe nthawi, mtundu wa galimoto ndi ndalama imene yaperekedwa. Masiku ena mufike osalengeza, ndipo milungu iwiriyo isagwere kumapeto kwa mwezi kokha, pamene anthu alandira malipiro. Onetsetsani ngati nkhope za makasitomalawo si zomwezomwezo, chifukwa ogulitsa ena amaitana anzawo kudzadzaza mzere pamene wogula akuonerera. Kope limene iwo angakuonetseni lili ndi phindu pokhapokha ngati likugwirizana ndi madzi, mayunitsi a magetsi ndi ndalama zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba; kope loyera bwino, lolembedwa ndi cholembera chimodzi kuyambira Januwale mpaka Disembala, nthawi zambiri limakhala lolembedwa usiku umodzi.

Komanso milungu iwiri siikuuzani za chaka chonse, chifukwa ndalama za ku Nchalo zimayenda ndi nyengo. M'miyezi yodula nzimbe, kuyambira chakumapeto kwa dzinja mpaka chakumapeto kwa chaka, tauniyo imakhala ndi anthu ambiri ndi ndalama zambiri, fumbi limachuluka, ndipo otsuka magalimoto sakhala pansi. Thonje likamagulitsidwa cha ku Ngabu nakonso kumayenda ndalama. Koma mvula ikakhazikika anthu ambiri amaona ngati kutsukitsa galimoto n'kutaya ndalama, popeza ibwereranso m'matope tsiku lomwelo, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi ndi njala. Amene akugulitsa bizinesi yotere mu Seputembala akukuonetsani nkhope yake yosamba, ndipo paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani anyamatawo, aliyense payekha, kuti mu Febuluwale amatsuka magalimoto angati.

Yang'ananinso kuti makasitomalawo ndi otani. A kabaza ndi madalaivala a minibasi ndi ma Sienta amabwera kawirikawiri, koma amalipira zochepa, amakonda kunenerera, ndipo akapeza potsika mtengo pang'ono amasamuka tsiku lomwelo. Magalimoto a mabungwe ndi a makampani, amene kuchigwa kuno ndi ochuluka ndithu, ndiwo amabweretsa ndalama yooneka, koma amabwera ndi matope a kumidzi amene amadya madzi ndi nthawi, amalipira mochedwa, ndipo ambiri amafuna invoisi ya bizinesi yolembetsedwa imene ili ndi TPIN, nambala yolipirira msonkho ya ku MRA. Ngati theka la ndalama za pamalopo limachokera ku bungwe limodzi chifukwa chakuti ogulitsawo ndi mlamu wa woyang'anira magalimoto kumeneko, ndalama imeneyo idzachoka nawo limodzi. Pitani mukafunse ku bungweko ngati pali pangano lolembedwa ndiponso ngati lidzapitirire m'dzina lanu.

Makinawo asakuchititseni chidwi chifukwa cha utoto. Awayatse inu mukuona, m'mawa asanatenthe, ndipo agwire ntchito mosalekeza kwa theka la ola. Mvetserani ngati mphamvu ya madzi ikudumphadumpha, suzumirani pansi pa pampu ngati pakudontha, ndipo ngati ndi pampu yokhala ndi oilo, tsegulani muone mtundu wake: oilo wotuwa ngati tiyi wamkaka akusonyeza kuti madzi alowa m'kati. Pampu zotere zimafa msanga zikayendetsedwa thanki itauma kapena zikamakoka madzi a mchenga popanda sefa. Funsani kumene zipangizo zake zimapezeka, chifukwa pali makina ena otsika mtengo amene akawonongeka palibe wowakonza pakati pa Nsanje ndi Limbe. Jenereta iyesedwe ikukoka makina onse pamodzi, osati kungolira yokha. Musaione ngati chinthu chapadera: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene ankadalira ESCOM yokha ankangokhala manja lende. Koma kutsukira pa jenereta kumadya phindu, ndipo mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni nayonso imangokhala. Chinthu chilichonse muchiwerengere mtengo wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Ogulitsa adzakuuzani kuti chatsopano chakwera kwambiri kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo n'zoona, koma kugwa kwa kwacha sikubwezeretsa pampu yotha kukhala yatsopano.

Anyamata anayiwo ndiwo bizinesi yeniyeni, ndipo ndi amenenso angaigwetse. Dziwani mmene amalipidwira, kaya pamwezi kapena pa galimoto iliyonse, ndi kuti akhalapo nthawi yaitali bwanji. Malamulo a ntchito a dziko lino amati bizinesi ikagulitsidwa, ogwira ntchito amasamukira kwa wogula pamodzi ndi zaka zimene agwira kale, kutanthauza kuti malipiro otsalira ndi ndalama zowapatsa ntchito ikadzatha zikhoza kudzagwera inu. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse mmene zimenezi zingakhalire pa anyamata amenewa, ndipo ogulitsa awalipire zonse zotsala pamaso panu, kapena ndalamayo ichotsedwe pa mtengo. Mnyamata amene madalaivala amamutchula dzina akafika ndiye woyenera kumusamala kuposa onse, chifukwa akachoka n'kukaika ndowa zake pansi pa mtengo mamita 200 kutsogoloko, theka la makasitomala lidzamutsatira.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene simunafunse. Inu muli pantchito, ndiye kuti kuyambira m'mawa mpaka madzulo simudzakhalapo, pamene bizinesi iyi ndi ya ndalama zapamanja ndipo ilibe katundu wowerengeka ngati wa m'golosale. Galimoto ikatsukidwa n'kuchoka, palibe chotsala chosonyeza kuti inabwera, kupatula madzi ochepa amene atha m'thanki. Ogulitsawo mwina amakhala pamalopo tsiku lonse, amalandira okha ndalama, nthawi zina n'kugwira okha payipi, ndipo phindu limene akutchula likuphatikiza malipiro awo amene sadzilipira. Inu mudzafunika munthu wolandira ndalama, malisiti a manambala, nambala ya bizinesi yolipirirapo pafoni, ndi chizolowezi chowerenga mita madzulo alionse n'kufananiza ndi malisiti. Malipiro a munthu ameneyo achotsedwe kaye, ndipo chotsalacho ndicho phindu lanu lenileni.

Mukatero mtengo umadziwerengera wokha. Tiyerekeze kuti mutachotsa lendi, madzi, magetsi, mafuta, sopo ndi polishi, malipiro onse, laisensi ya kukhonsolo ndi kangachepe kosungira kukonzera makina, ndipo mutaphatikiza miyezi yabwino ndi yoipa, mukutsala ndi K250,000 pamwezi. Ndalama yanu ya K7 miliyoni idzabwera pakatha miyezi 28, chiwongoladzanja cha ngongole chisanawerengedwe, ndipo ngati pangano la malo ndi la chaka chimodzi mukuona nokha kuti masamuwo sakutuluka. Maganizo anga ndi akuti pabizinesi yaing'ono yotere, imene aliyense angayambitse yofanana nayo tsidya lina la msewu, musalipire zoposa mtengo wa zipangizo monga zilili kuphatikizapo phindu lotsimikizika la chaka chimodzi. Werengeraninso kuti kuyamba nokha pamalo ena kungadye zingati. Ngati ndi theka la zimene akukuuzani, ogulitsawo afotokoze chimene theka linalo likugula.

Za ngongole, chenjerani kwambiri. Kukongola theka la mtengo pabizinesi imene imagona miyezi iwiri kapena itatu pachaka kumatanthauza kuti m'miyezi imeneyo mudzabweza kuchokera pa malipiro anu a kuntchito, ndiye dzifunseni ngati pakhomo padzakhala chakudya mukatero. Katapila musamuyandikire n'komwe. Njira yabwino kuposa kubanki ndi yakuti ogulitsawo akhale okukongozani: mupereke gawo pa tsiku lolandira makiyi, zotsalazo muzipereka pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo palembedwe kuti ngati patuluka ngongole yobisika, idzachotsedwa pa zotsalazo. Munthu amene akukhulupirira manambala ake savuta kuvomera zimenezi. Musawononge ndalama zonse pogula; musunge zokwanira lendi ndi malipiro a miyezi itatu, chifukwa pampu imakonda kufa mwezi woyamba wa mwini watsopano.

Pangano logulitsirana lilembedwe ndi loya, ngakhale mutaona ngati ndi ndalama yotayika. Litchule chipangizo chilichonse ndi nambala yake, linene kuti mukugula katundu ndi dzina la bizinesi koma osati ngongole zake, ndipo ogulitsa alonjeze kuti palibe chimene chili chikole kubanki, ku banki mkhonde kapena kwa munthu. Loyayo angathe kufufuza m'kaundula wa boma wa katundu woikidwa chikole, koma ngongole za m'mudzi sizilembedwa kumeneko, ndiye funsaninso mwakachetechete kwa anthu a pamsika. Nambala ya foni imene makasitomala amaimba isamutsidwire kwa inu, mamita a madzi ndi magetsi awerengedwe pa tsiku lolandirana, ndipo mulembetse bizinesiyo m'dzina lanu, mutenge TPIN yanu ndi laisensi yanu, osagwiritsa ntchito mapepala a munthu amene wachoka. M'panganomo muikemonso mawu akuti ogulitsawo, kapena wina wowaimira, sadzatsegula malo ena otsukira magalimoto ku Nchalo kwa zaka ziwiri, popeza ulendo wa ku Blantyre nthawi zina umathera kuseri kwa msika. Pomaliza, apempheni akhale nanu milungu iwiri yoyambirira kuti akudziwitseni kwa madalaivala ndi kwa oyang'anira magalimoto a mabungwe. Ngati akukana kuonetsa mabilu a madzi, kapena sakufuna kuti mukumane ndi mwini malo, kapena akuti pali wina amene abwera ndi ndalama mawa, asiyeni agulitse kwa ameneyo, ndipo inu mukafunse mtengo wa thanki ndi makina atsopano ku Limbe.